Kugula lathe yakale ku Zomba: zoyenera kuyeza musanatulutse ndalama

Lathe ndi makina osemera zitsulo. Chitsulo chimamangidwa kumutu kwa makinawo n'kumazungulira, pamene mpeni wolimba ukuyenda m'mbali mwake ndi kuchisenga pang'onopang'ono kufikira chitakwana pa muyeso umene mmisiri akufuna. Ndi makina amenewa amisiri amasema mashafiti, mabushi, mapule, mabawuti ndi manati, komanso amadula mazinga.

Ntchito zotere sizisowa mumzinda wa Zomba ndi madera ozungulira. Zigayo za ku Chinamwali, Matawale ndi Mpondabwino zimadya mashafiti ndi mabushi. Makina opunthira mpunga wa m'madambo a nyanja ya Chilwa, makina ochekera matabwa a paini wa paphiri, njinga za kabaza ndi magalimoto akale amene zipangizo zake zidaleka kupezeka m'sitolo, zonsezi tsiku lina zimafuna kachitsulo kosemedwa mwapadera. Kachitsuloko kakasowa pafupi, mwini makina amakwera minibasi ulendo wa makilomita oposa 60 kupita ku Blantyre, ntchito itaima.

N'chifukwa chake amakaniko, owotcherera ndi ena opuma pantchito amalakalaka atakhala ndi lathe yawoyawo kuseri kwa nyumba. Yatsopano ndi yodula, makamaka chitsitsireni mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 komanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ambiri tsono amaponya maso ku yakale. Ndalama zogulira kawirikawiri zimakhala za penshoni, zosunga ku Joni kapena za ngongole, ndipo zikalowa m'makina otha sizibwereranso.

Lathe yakale yosamalidwa bwino ikhoza kutumikira zaka zina makumi angapo, pamene yodyeka imangoyenera kugulitsidwa pa sikelo. Ziwirizi zimafanana poziyang'ana. Kusiyana kwake kumadziwika poyeza.

Ziwalo zoyenera kuzidziwa

Amisiri amatchula ziwalo za lathe m'Chingerezi, choncho ndi bwino kudziwa mayinawo musanakumane ndi wogulitsa. Bedi ndiyo msana wa makina, chitsulo chachitali chokhala ndi njanji pamwamba pake. Kumanzere kuli mutu wotchedwa headstock, momwe muli spindle, shafiti yaikulu yobooka pakati imene imazunguza chuck. Chuck ndiyo imaluma chitsulo chosemedwacho ndi nsagwada zake zitatu kapena zinayi. Kumanja kuli tailstock, imene imachirikiza nsonga ya chitsulo chachitali ndiponso imagwira chobowolera. Pakati pali carriage, ngolo yonyamula mpeni, yoyenda pa njanji zija. Kutsogolo kwa bedi kwagona leadscrew, ndodo yaitali yamazinga imene imakoka ngoloyo podula mazinga.

Kapangidwe kameneka n'kakale. Henry Maudslay wa ku London adakonza lathe yodula mazinga molondola cha m'ma 1800, ndipo mfundo yake siidasinthe kwenikweni. Izi zimapepukitsa ntchito ya wogula, pakuti makina a zaka 50 amayezedwa monga momwe amayezera a dzulo.

Mitundu imene mungakumane nayo

Dziko lino lidali pansi pa Britain kufikira 1964, ndipo sizachilendo kupeza makina a ku England m'malo okonzera zinthu a boma, a njanji, a minda ya tiyi ndi m'sukulu za ntchito zamanja. Myford ML7, imene idayamba kupangidwa ku Nottingham mu 1946, ndi mng'ono wake Super 7 wa mu 1953, ndi zazing'ono zokhala pa tebulo. Zimalemera makilogalamu pafupifupi 100, zimazunguza chitsulo cha mainchi 7 m'mimba mwake, ndipo zimalandira chotalika pafupifupi theka la mita. Boxford ya ku Halifax, imene idatengera South Bend ya ku America, ndi yokulirapo pang'ono ndipo idafala m'sukulu. Colchester Student ndi Harrison M300 ndi makina a m'fakitale ndithu, olemera kuposa theka la tani, ndipo nthawi zambiri amakhala ndi mota ya makilowati pafupifupi 2.2.

Palinso timalathe ta ku China tolemera makilogalamu 40 kapena 50. Timatha kusema mabushi ndi tizitsulo ta njinga, koma tambiri tili ndi magiya apulasitiki ndi kabolodi ka magetsi kamene kamapsa msanga mphamvu ya magetsi ikamakwera ndi kutsika.

Musanasankhe mtundu, lembani papepala ntchito khumi zimene mukuyembekeza kulandira, ndi kunenepa komanso kutalika kwa chitsulo cha ntchito iliyonse. Muonenso kukula kwa bowo la spindle, chifukwa chitsulo chachitali chimadutsa m'menemo. La Myford ML7 ndi mamilimita pafupifupi 15, pamene la Harrison M300 ndi 38. Wofuna kusema mashafiti a zigayo akagula Myford ndiye kuti wagula makina abwino osayenera ntchito yake.

Funso la magetsi

Nyumba zambiri zimalandira kuchokera ku ESCOM magetsi a single phase, a mavoti 230. Lathe zochokera m'mafakitale zimakhala ndi mota ya three phase, ya mavoti 400. Ichi ndi chinthu choyamba kuwerenga pa kachitsulo kolembedwa kamene kamakhomedwa pa mota.

Njira zothetsera vutoli zilipo zitatu. Yoyamba ndi kupempha ESCOM kuti ikulumikizireni three phase, zimene zimafuna ndalama ndi nthawi. Yachiwiri ndi kuchotsa motayo n'kuika ya single phase, zimene zimatheka mosavuta pa makina ang'onoang'ono oyendera lamba. Yachitatu ndi kugula kachipangizo kotchedwa VFD, kamene kamalandira mavoti 230 a m'nyumba n'kutulutsa three phase ya mavoti 230 omwewo. Kameneka kamagwira ntchito pokhapokha ngati pa mota palembedwa 230/400 kapena 220/380, kusonyeza kuti mawaya ake akhoza kulumikizidwanso mwa njira ina. Pa magetsi a m'nyumba malire ake amakhala cha pa makilowati 2.2.

Woganiza zoyendetsa lathe ndi jenereta kapena sola akumbukire kuti mota ikamadzuka imakoka magetsi ochuluka kasanu kapena kuposerapo kuyerekeza ndi pamene ikuyenda. Amene adaona kuzimazima kwa magetsi namondwe Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022 akudziwa kuti nkhaniyi njofunika kuiganizira pasadakhale.

Kumene makinawa amapezeka

Lathe zakale zimatuluka m'makampani amene akutseka kapena akusintha makina, m'maokushoni a katundu wa boma amene amalengezedwa m'manyuzipepala, kwa mabanja a amisiri omwalira, ndi kwa ogulitsa zitsulo zakale ku Blantyre, Limbe ndi Ndirande. Zina zimalengezedwa pa Facebook ndi WhatsApp. Ena amaitanitsa ku Johannesburg, komwe msika wa makina akale ndi waukulu, koma pamtengo wake muwonjezere wa thiransipoti ndi msonkho wa MRA, ndipo pakhale munthu wodziwa makina wokayeza kumeneko. Kutumiza ndalama mutangoona chithunzi cha pafoni ndi njuga.

Kulikonse kumene mukupita, tengani mmisiri wozolowera lathe, monga amene adaphunzira general fitting m'makoleji a pansi pa dongosolo la TEVETA, ndipo mumulipire tsiku lakelo. Safunsa adadya phula. M'chikwama mukhale tochi, nsanza, micrometer, dial gauge yokhala ndi phazi la maginito, lezala, ndi chitsulo chozungulira chonenepa mamilimita 25 kapena 30 choyesera.

Kuyeza bedi

Yambani ndi bedi, pakuti ndicho chiwalo chovuta kwambiri kuchikonza. Kuisalazanso kumafuna makina aakulu osowa, ndipo mtengo wake ukhoza kuposa wa lathe yomweyo. Ntchito zambiri zimachitikira pafupi ndi chuck, motero njanji zimadyeka pamenepo n'kutsala zatsopano kumchira.

Pukutani njanjizo, muunike ndi tochi, ndipo muyendetse chikhadabo modutsa. Chikakodwa pa kamzere kotukuka, ndiye kuti chitsulo chadyeka. Kenako bweretsani carriage pafupi ndi chuck, mumange bawuti yake yotsekera pang'ono pokha kuti iziyendabe, n'kuipukusa kulowera ku tailstock. Pa bedi yabwino imayenda mofanana kufikira kumapeto kapena kulimba pang'ono chabe. Ikakanirira isanafike pakati, kudyekako n'kwakukulu, ndipo shafiti iliyonse yaitali idzatuluka yonenepa mbali imodzi.

Timabala ta chuck imene idagwera pa bedi sitiwopsa. Chowopsa ndi mng'alu, malo owotcherera, kapena dzimbiri limene lakumba maenje pa njanji. Penti yatsopano ikupatseni chifukwa choyang'anitsitsa, makamaka ngati yapakidwa mpaka pa mabawuti ndi timabowo tothirira oyilo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kuyeza spindle ndi magiya

Khazikani dial gauge pa mphuno ya spindle, chuck itachotsedwa, n'kuzunguza ndi dzanja. Muvi usayende kuposa mamilimita 0.02. Pofuna kumvetsa kuchepa kwa muyeso umenewu, pepala la m'kope limanenepa pafupifupi 0.1. Kenako lowetsani ndodo m'bowo la spindle n'kutukula. Muvi ukadumpha kuposa 0.05, mabering'i akhwepa. Ena amamangika n'kukhala bwino, koma mabering'i a spindle ya Colchester kapena Harrison akatheratu, atsopano ake ndi odula ndipo amachita kuitanitsa kunja.

Chuck ya nsagwada zitatu ikamasemphanitsa chitsulo ndi 0.05 kapena 0.1 musadandaule. Zimatero ngakhale zisanakalambe, ndipo chuck imagulidwa ina.

Tsegulani chivindikiro cha mutu ndi cha magiya a kumbali, muzunguze ndi dzanja pang'onopang'ono mukuwerenga mano. Pa Myford, Boxford ndi South Bend onetsetsani magiya ochepetsera liwiro otchedwa back gear, amene mano ake amathoka anthu akamawagwiritsa ntchito ngati chotsekera pomasula chuck yokakamira. Oyilo akhale woyera ndithu. Wooneka ngati mkaka walowa madzi, ndipo wonyezimira tizidutswa ta chitsulo akuulula kuti china chikudyeka m'kati.

Yatsani makina, muyese liwiro lililonse ndi ndodo iliyonse yosinthira, kutsogolo ndi kumbuyo. Asiyeni ayende mphindi 15 kapena 20 pa liwiro lalikulu, kenako mugwire pamene pali mabering'i. Kufunda n'kwachibadwa, koma kutentha kolanda dzanja ndi chizindikiro choipa.

Zigwiriro, leadscrew ndi tailstock

Pukusani chigwiriro choyendetsa mpeni modutsa, kenako mubweze, muone kuti chikuzungulira chabe motalika bwanji mpeni usanasunthe. Kukhwepa kwa mamilimita 0.1 mpaka 0.3 mmisiri amakhala nako, ndipo nati yake yamkuwa ikhoza kusemedwa pa lathe yomweyo. Yerekezani mazinga a leadscrew pafupi ndi mutu ndi a kumchira. Akakhala opyapyala ndi akuthwa kumutu, adyeka. Lumitsani nati yake yogawika pawiri, half nut, n'kukankha carriage uku ndi uku. Ikapulumuka, kudula mazinga kudzavuta.

Poyeza tailstock, ikani nsonga yakuthwa mu spindle ndi ina mu tailstock, muziyandikizitse, n'kupanitsa lezala pakati pake mofatsa. Lezala likaima chilili, nsongazo zalunjikana. Likapendekera kumbali, tailstock imasunthika ndi mabawuti ake. Likapendekera m'mwamba kapena pansi, tsinde lake ladyeka ndipo lidzafuna kuikira timapepala tachitsulo.

Kusema koyesera

Umboni wotsiriza ndi chitsulo chosemedwa. Mangani chitsulo chanu chija mu chuck, chitulukire mamilimita 100 mpaka 150 popanda kuchirikiza ndi tailstock. Sengani pang'ono ndi mpeni wakuthwa, kenako muyeze ndi micrometer kutsinde ndi kunsonga. Kusiyana kwa 0.02 mpaka 0.05 n'kololeka pa ntchito za zigayo, njinga ndi magalimoto. Kukaposa 0.1 funani chifukwa chake. Nthawi zina vuto limakhala lakuti makina akhala pamalo osalingana ndipo bedi yapotoka pang'ono, zimene zimatha akakhazikidwa bwino. Chitsulo chikatuluka ndi mizere yonga mafunde, makina akulira monjenjemera, bwererani ku mabering'i.

Mukapeza magetsi atazima, panganani tsiku lina. Wogulitsa akakana kuti makina ayatsidwe, kapena akanena kuti adali kuyenda bwinobwino asanawasunge, mtengo wake uyandikire wa chitsulo cha pa sikelo, popeza chiopsezo chonse mwasenza ndinu.

Mainchi kapena mamilimita

Lathe zambiri zakale za ku England ndi America zili ndi leadscrew ya mainchi. Ya Myford, mwachitsanzo, ili ndi mazinga 8 pa inchi. Magalimoto ndi njinga zamoto za ku Japan, India ndi China zimagwiritsa ntchito mazinga a mamilimita. Komabe mainchi sadathe ntchito. Mapaipi a madzi akadali pa mazinga a BSP, ochokera ku muyeso umene Joseph Whitworth adakhazikitsa mu 1841, ndipo mapedulo a njinga zambiri zakapalasa ali ndi mazinga 20 pa inchi, la kumanzere lomangira chakumanzere. Mmisiri wa ku Zomba adzakumana ndi mitundu yonse iwiri.

Lathe ya mainchi imadula mazinga a mamilimita molondola ikakhala ndi giya la mano 127. Chifukwa chake n'chakuti inchi imodzi ndi mamilimita 25.4, ndipo 25.4 kuchulukitsa kasanu ndi 127. Funsani ngati giyali lilipo, kapena ena ogwira ntchito yofanana. Makina opanda bokosi la magiya amadalira magiya osinthasintha ndi manja, choncho muwawerenge onse molingana ndi tchati chokhomedwa pa chivindikiro.

Zipangizo zotsagana nazo

Zipangizo zikhoza kukhala theka la phindu la malonda onse. Payenera kukhala chuck ya nsagwada zitatu pamodzi ndi magulu onse awiri a nsagwada zake, zogwirira kunja ndi zogwirira m'kati. Nsagwadazi zimalembedwa 1, 2 ndi 3, ndipo za chuck ina sizilowa. Payeneranso kukhala chuck ya nsagwada zinayi, mbale yomangirapo zitsulo zosazungulira yotchedwa faceplate, zochirikizira mashafiti aatali zotchedwa steady, nsonga, chuck ya zobowolera, zogwirira mipeni, makiyi, ndi buku la makinawo ngati lilipo.

Mphuno za spindle zimasiyana kampani ndi kampani, motero chuck ya Colchester siingalowe pa Myford. Pemphani wogulitsa kuti mufufuze limodzi m'makabati ndi m'mabokosi a pamalopo, chifukwa zipangizozi zimabalalika, ndipo kwa iye ndi zitsulo wamba pamene kwa inu n'zoitanitsa kunja.

Mtengo ndi mapepala

Musathere ndalama zonse pa makina okha. Siyani gawo limodzi mwa magawo atatu la thiransipoti, magetsi, oyilo, mipeni, galainda yonolera mipeniyo ndi zoyezera. Cholakwika chilichonse chimene mwapeza chilembeni ndi mtengo wochikonzera, ndipo mndandandawo ndiwo muneneranepo mtengo. Kudyeka pang'ono, lamba wotha, mota yofuna kusintha ndi chuck yokalamba ndi zifukwa zotsitsira mtengo. Bedi yong'aluka, spindle yopindika ndi magiya a m'mutu othoka pa makina amene zipangizo zake sizipezeka ndi zifukwa zobwerera kunyumba ndi ndalama zanu.

Funsani mbiri ya makinawo ndi umboni woti wogulitsa ndiye mwini wake. Kulandira katundu wakuba ndi mlandu m'malamulo a dziko lino, ndipo makina okhala ndi nambala ya boma, ya sukulu kapena ya kampani ayenera kukhala ndi lisiti ya okushoni kapena kalata yogulitsira. Lembani mgwirizano wokhala ndi dzina la makina, nambala yake imene kawirikawiri imadindidwa kumapeto kwa bedi, mndandanda wa zipangizo, mtengo, tsiku, ndi mboni ziwiri. Ngati nyumba ndi ya lendi, gwirizanani kaye ndi eni ake, ndipo ngati mudzalandira ntchito za malonda, kafunseni za chiphaso ku khonsolo ya mzinda wa Zomba.

Kunyamula ndi kukhazika

Lathe imalemera kumwamba ndi kumutu, choncho imagudubuka mosavuta, ndipo ikagwa chafufumimba zigwiriro zake zimathoka. Chotsani chuck, tailstock ndi mota ngati n'kotheka. Makina oposa theka la tani asanyamulidwe ndi manja a anyamata a ganyu. Pafunika chain block, malamba olimba okulunga pa bedi, ndi mapaipi ogudubuzira pansi. Lamba asapanikize leadscrew kapena ndodo zina za kutsogolo, chifukwa zimapindika. Pa lole makina akhale pa matabwa ndipo amangidwe mbali zonse zinayi. Misewu yokwera m'munsi mwa phiri la Zomba ndi wopita ku Ku Chawe ndi yotsetsereka komanso yokhotakhota, ndipo katundu womangidwa mwachibwana amasuntha pa kona yoyamba.

Pansi pakhale konkire yolimba. Linganizani makina ndi levulo, kenako mubwereze kusema koyesera kuja, mukuika timapepala tachitsulo pansi pa miyendo ya kumchira kufikira miyeso iwiri ija itafanana.

Mdani wamkulu wa lathe ku Zomba ndi chinyontho. Mvula imagwa kuyambira Novembala mpaka Epulo, ndipo m'miyezi yozizira chiperoni ndi nkhungu ya paphiri zimasiya mame pa chitsulo chozizira. Pakani oyilo pa njanji tsiku lililonse mukaweruka, mufunditse nsalu m'malo mwa pulasitiki amene amasunga thukuta, ndipo denga lisadonthe. Pa njanji ndi m'timabowo ta oyilo musaike girizi, chifukwa amagwira tizidutswa ta chitsulo n'kusanduka msasa. Galainda ikhale kutali ndi lathe kaamba ka fumbi lake.

Kupewa ngozi

Lathe siimva kuti yagwira munthu. Malaya a manja aatali, chitenje, tayi, mphete, magolovesi ndi tsitsi losamanga zikakodwa, zimakokera thupi lonse ku chuck. Kiyi wa chuck asasiyidwe pa chuck ngakhale kamphindi, pakuti makina akayaka amauluka ngati mwala wa pa legeni. Valani magalasi oteteza maso, chotsani zosengeka ndi burashi kapena kangowe makina ataima, ndipo switchi yozimitsira ikhale pofikira dzanja. Makina akale ambiri amadzidzukira okha magetsi akabwerera, choncho ikani switchi ya mtundu umene umadzizimitsa magetsi akathima. Pakhomo pali ana, chipindacho chikhale ndi loko.

Wogula amene watsata ndondomekoyi akhoza kuona lathe zitatu kapena zinayi asanapeze yoyenera, ndipo ulendo uliwonse udzamudyera ndalama ya minibasi ndi ya mmisiri. Ndalama imeneyo ndi yochepa poyerekeza ndi penshoni yonse itagona kuseri kwa nyumba pansi pa lona. Kuona maso a nkhono n'kudekha.